Chinyezi cha mbewu ndi chigayo: zoyenera kuchita musanagaye chimanga, tirigu kapena mpunga

Madandaulo amabwera mosiyanasiyana, koma gwero lake n'limodzi. Wina amati injini ikulira molemedwa, ufa ukutuluka pang'onopang'ono, wotentha, sefa ikungotsekeka. Wina amati gaga wasweka n'kulowa mu ufa mpaka ufawo wada. Wa mpunga amati wapuntha thumba lonse koma wotuluka wambiri ndi wosweka. Onsewa amayamba kukayikira makina, ena mpaka kugula sefa yatsopano kapena kusintha lamba. Ndikawafunsa kuti mbewuyo inali ndi chinyezi chochuluka bwanji, amangoti inali youma. Youma kufika pati, sadziwa. Funso la chinyezi choyenera pogaya ndaliyankha kambirimbiri, choncho ndalemba zonse pano kuti aliyense adziwerengere.

Nkhani yagona apa: kuuma koyenera posunga mbewu n'kosiyana ndi kuuma koyenera poigaya. Posunga timafuna njere youma yonse, kunja ndi mkati momwe. Pogaya, nthawi zina timafuna khungu lokha lofewa pomwe mkati muli mouma, ndipo nthawi zina sitifuna madzi n'komwe. Zimatengera mbewu yake komanso chomwe mukufuna chituluke.

Tiyambe tamvana mawu. Tikamati chimanga chili pa 13 peresenti, tikutanthauza kuti pa makilogalamu 100 aliwonse, 13 ndi madzi, 87 ndi chimanga chenichenicho. Njere ili ndi zigawo zitatu. Pali khungu, limene likachoka timalitcha gaga kapena madeya. Pali mtima, kagawo kamene kamamera mbewu ikadzalidwa, ndipo ndi momwe muli mafuta ambiri. Chotsala ndi gawo lalikulu loyera lija, limene limasanduka ufa. Kukonola ndi kuchotsa khungu, nthawi zambiri pamodzi ndi mtima, ndipo chimanga chokonola ndiye mphale. Kupumitsa ndi kusiya mbewu yowazidwa madzi itavindikiridwa kuti madziwo alowe mpaka pomwe mukufuna.

1. Yezani chinyezi, musangoganizira

Kuluma njere n'kumva ikuthetheka pakati pa mano kumakuuzani kuti si yaiwisi, basi. Dzino silingasiyanitse 13 ndi 15 peresenti, chonsecho pakati pa manambala awiriwa ndi pamene pali malire a mbewu yosungika ndi yoola.

Njira ya mchere ndi yabwinoko. Tengani botolo lagalasi loyera ndi louma, thiranimo njere mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, onjezani masipuni awiri kapena atatu a mchere wosalala. Mcherewo uyambe waumitsidwa padzuwa kapena pamoto, apo ayi ukunamizani. Tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, siyani mphindi 15, khutchumulaninso. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chinyezi chili cha m'ma 15 peresenti kapena kupitirira. Ukapanda kumata, mbewu yauma ndithu, koma nambala yeniyeni simunaidziwe.

Ngati muli ndi uvuni ndi sikelo yowerenga magalamu molondola, phwanyani njere mwamsanga, yezani magalamu 100, yalani m'mbale yachitsulo, umitsani pa madigiri 130 kwa maola awiri. Ziziritsani mutavindikira, yezaninso. Zikatsala magalamu 87, chinyezi chinali 13 peresenti.

Kachipangizo koyezera chinyezi kamagetsi ndiko kofulumira, koma kali ndi msampha umene anthu ambiri amagweramo. Mbewu yongochoka padzuwa kapena m'makina oumitsira imakhala youma kunja pomwe mkati mudakali madzi, komanso imakhala yotentha. Kachipangizoko kamaonetsa nambala yotsika, inu n'kusangalala, mawa lake mbewu yomweyo n'kuonetsa nambala yokwera. Ikani mbewu yoyezayo m'kathumba kapulasitiki, mangani, siyani pamthunzi maola angapo, kenako yezani. Musatenge yapamwamba pa thumba yokha. Tapani pamwamba, pakati ndi pansi, m'matumba angapo, ndipo yezani padera padera. Thumba limodzi lonyowa pakati pa matumba khumi ouma silioneka mukasakaniza zonse n'kuyeza kamodzi.

2. Umitsani kufika pa mlingo wosungira, koma mosathamanga

Chimanga, mapira ndi tirigu zisungidwe pa 13 peresenti kapena kutsikirapo pang'ono. Mpunga wosapuntha umasungika miyezi ingapo pa 14, koma ngati ukhala miyezi 8 mpaka 12 utsike kufika pa 13, monga amalangizira a bungwe lofufuza za mpunga la International Rice Research Institute a ku Philippines. Mbewu zamafuta zimafuna kuuma kwambiri. Mtedza wosenda uzikhala pa 7 kapena 8. Chinyezi chikadutsa 14 kapena 15, chuku chimayamba kumera, mulu umayamba kutentha wokha, anankafumbwe amaswana mofulumira. Chikafika cha m'ma 17 ndi 18 pa chimanga, nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus imapeza malo, ndipo ndi imene imapanga poizoni wa aflatoxin. Poizoniyu satha ndi kugaya, sathanso ndi kuphika.

Yanikani pa lona kapena pa simenti, osati pa dothi. Yalani mopyapyala, masentimita awiri mpaka anayi, ndipo takasani pafupifupi theka la ola lililonse. Madzulo sonkhanitsani ndi kuphimba mame asanagwe.

Kuumitsa mothamanga kumawononga mwakachetechete. Kunja kwa njere kukauma ndi kukhwinyata mkati mudakali mofufuma, njereyo imachita ming'alu yaing'ono mkati. Imaoneka yathunthu, koma ikalowa m'makina imasweka. Pa mpunga ndi pomwe izi zimapweteka kwambiri. Mpunga umene wapsa ndi dzuwa la masana kenako wanyowa ndi mame kapena kamvula umang'aluka, ndipo palibe makina opunthira amene angaubwezere.

Dziwaninso kuti kulemera kumatsika. Makilogalamu 100 a chimanga cha 20 peresenti, mukachiumitsa kufika pa 13, amatsala pafupifupi 92. Kuwerengera kwake: chotsani 20 pa 100 mupeza 80, chotsani 13 pa 100 mupeza 87, ndiye 100 kuchulukitsa ndi 80, kugawa ndi 87. Amene akugula chimanga chonyowa pa sikelo akugulanso madzi makilogalamu 8 pa 100 aliwonse.

3. Onani mmene mbewu ikuyendera

Mbewu youma imaterera. Mukaithira pansi imamwazika n'kupanga mulu wophwatalala, imadzaza thumba bwino, imatsika yokha m'kamwa mwa chigayo. Yonyowa njere zake zimagwirana, mulu wake umaima chilili, thumba lofanana limalowa makilogalamu ochepa, ndipo m'kamwa mwa chigayo imatsekerezana pamwamba n'kusiya mphako pansi. Mukaona kuti mukugogoda kapena kusonkhezera ndi ndodo kuti mbewu itsike, bwererani pa nambala 1.

Matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma. Ikani pa matabwa. Mbewu imakoka chinyezi kuchokera mumpweya ndi m'simenti, ndiye imene munayeza miyezi itatu yapitayo muiyezenso. Kwa amene muli ndi nkhokwe zazikulu zachitsulo, chenjezo ili ndi la moyo: mbewu yonyowa imapanga chikhokho cholimba pamwamba pomwe pansi pali mphako. Munthu asapondepo. Chikabooka, mbewu imamukwirira m'kanthawi kochepa.

4. Sankhani chomwe mukufuna chituluke

Ngati mukugaya njere yonse, khungu ndi mtima momwe, pa chigayo chomenya ndi tizitsulo kapena chamiyala, musathire madzi. Mbewu ya 12 mpaka 13 peresenti imasweka msanga ndi kudutsa pa sefa mosavuta. Yonyowa imaphwatalala m'malo mosweka, imamata pa mabowo a sefa kapena pa miyala, imazungulira m'chigayo nthawi yaitali, ndipo mafuta kapena magetsi amathera kutenthetsa ufa.

Ngati ndi mpunga, musathirenso madzi, ngakhale dontho. Umapunthika bwino uli cha m'ma 14 peresenti. Wonyowa ndi wofewa ndipo umanyenyeka, wouma mopitirira ndi wophwanyika. Mpunga wongoumitsidwa kumene usalowe m'makina tsiku lomwelo. Ukhale m'matumba pamthunzi usiku umodzi kapena kupitirira kuti chinyezi chifanane m'njere yonse.

Ngati mukufuna kulekanitsa gaga ndi ufa, kaya pokonola chimanga kaya pogaya tirigu kuti atuluke ufa woyera, mukufunika madzi. Apa ndi pomwe malangizo ambiri amangoti "wazani madzi pang'ono" n'kudumpha.

5. Kuwaza madzi ndi kupumitsa

Yambani mwamvetsa chifukwa chake. Tsamba louma mukalifinya m'manja limanyenyeka, lonyowa limangopindika. Khungu la njere ndi chimodzimodzi. Likauma kwambiri, makina amaliphwanya kukhala tizidutswa tofanana kukula ndi ufa, ndipo palibe sefa imene ingatichotse. Likanyowa limakhala ndi mnyendo, limasendeka m'zidutswa zikuluzikulu zotsalira pa sefa kapena zouluka popepeta. Mtima nawo ukanyowa umafufuma, umafewa, umatakasuka pamalo pake n'kuchoka wathunthu m'malo mosweka ndi kupaka mafuta ake mu ufa.

Madzi ake ayezedwe, osati kungotunga ndi chidebe. Kuwerengera kwake n'kotere. Tengani chinyezi chimene mukufuna, chotsanipo chimene chilipo. Yankholo chulukitsani ndi kulemera kwa mbewu. Kenako gawani ndi nambala imene yatsala mukachotsa chinyezi chofunikacho pa 100. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye yankho lake ndi malita.

Tiyerekeze kuti muli ndi tirigu makilogalamu 50 wa 12 peresenti, mukufuna 16. Kusiyana kwake ndi 4. Ndiye 50 kuchulukitsa ndi 4 ndi 200. Kuchotsa 16 pa 100 kumasiya 84. Tikagawa 200 ndi 84 tikupeza malita 2.4. Ambiri amangotenga 4 peresenti ya 50 n'kuthira malita awiri, kuiwala kuti madziwo akuwonjezeranso kulemera kwa mbewu. Akatero amafika pa 15.4 basi. Pa chimanga makilogalamu 50 cha 12.5 peresenti chimene mukufuna chifike pa 15, madzi ake ndi lita imodzi ndi theka. Madzi amenewa amaoneka ochepa kwambiri pa thumba lonse, moti dzanja limafuna kuwonjezera. Musawonjezere.

Mwaona tsopano chifukwa chake nambala 1 singadumphidwe. Madzi omwewo amene akonza tirigu wa 11 peresenti awononga wa 14.

Mbewu iyambe yapetedwa. Fumbi, mankhusu ndi njere zosweka zimamwa madzi msanga kuposa njere zathunthu, n'kusanduka phala lomata. Yalani mbewu yoyera pa lona kapena m'beseni lalikulu, wazani madzi aukhondo, oti munthu angamwe, pang'onopang'ono wina akutakasa. Takasani mpaka njere iliyonse ichite kunyezimira mofanana ndipo pansi pasakhale madzi odikha. Kukhuthula madzi onse pamalo amodzi kumasiya njere zina pa 20, zina pa 12, ngakhale kuti pa pepala zonse zili pa 16. Makina samva za pa pepala. Amakumana ndi njere imodzi imodzi. Mukatha, ikani m'chidebe chovindikira kapena m'thumba lapulasitiki lomanga, pamthunzi.

Tsopano nthawi. Madzi amayamba akhala pa khungu, kenako amalowa pang'onopang'ono, makamaka kudzera ku mbali ya mtima, mpaka kufika pakati. Nthawi yopumitsa ndi imene imasankha pomwe madziwo akhale pamene njere ikulowa m'makina, ndipo tirigu ndi chimanga zimafuna zosiyana.

Pa tirigu timafuna madzi alowe mpaka mkati, kuti gawo loyera lifewe ndi kusanduka ufa wosalala popanda kukakamiza makina. Tirigu wolimba, wooneka ngati galasi mukamudula pakati, amafikitsidwa pa 16 mpaka 17 peresenti ndipo amapuma pafupifupi maola 24, nthawi zina kupitirira. Wofewa, wooneka woyera ngati choko mkati, amakwana pa 15 kapena 15.5 ndipo maola 6 mpaka 12 amamukwanira. Kukazizira madzi amalowa mochedwa, ndiye onjezani nthawi. Ngati tirigu ndi wouma kwambiri moti mukufunika kukweza ndi manambala oposa atatu kapena anayi, gawani madzi pawiri: theka loyamba, apume maola angapo, kenako theka lotsala. Khungu silingagwire madzi ambiri nthawi imodzi, otsalawo amangotsetserekera pansi. M'mafakitale a ufa amawazanso timadzi tochepa, pafupifupi theka la peresenti, patatsala mphindi 20 kapena 30 kuti tirigu alowe m'makina, chifukwa pofika nthawi imeneyo khungu limakhala litaumanso, madzi ake atalowa mkati. Inunso mungachite zomwezo: pa makilogalamu 50, kotala la lita.

Pa chimanga chokonola timafuna zosiyana. Khungu ndi mtima zinyowe, koma gawo lolimba lamkati likhalebe louma kuti mphale ituluke yathunthu. Choncho madzi ndi ochepa ndipo nthawi ndi yaifupi. Yambani ndi kukweza manambala awiri kapena atatu, n'kupumitsa mphindi 10 mpaka 30. Mukachisiya usiku wonse, madzi achoka pa khungu n'kulowa mkati, ndipo mupeza khungu louma ndi mkati mofewa, zomwe zili zosemphana ndi zimene mumafuna. Mafakitale ena aakulu amakweza chimanga kufika cha m'ma 20 peresenti asanachotse mtima, koma iwo ali ndi makina oumitsira zotulukazo nthawi yomweyo. Wopanda makina otero asatengere.

Mudziwa bwanji kuti mbewu yakonzeka kulowa m'makina? Kachipangizo kamagetsi musakakhulupirire mbewu itangowazidwa kumene, chifukwa madzi a pakhungu amakweza nambala mopitirira. Gwiritsani manja. Tapani njere, fumbatani, tambasulani chikhatho: zisamatirane, dzanja lisanyowe. Palani njere ya chimanga ndi chikhadabo: khungu lisendeke ngati kachikopa, osati kunyenyeka. Lumani njere ya tirigu wopuma: idukike mofewerapo, isathetheke ngati mwala, komanso isaphwatalale. Kenako gayani makilogalamu awiri kapena atatu okha, muone gaga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito yonseyi malo ofunika kudekha ndi ano. Gaga akatuluka wosweka, onjezani timadzi pang'ono kapena mphindi zingapo. Akatuluka atamatirira ufa wambiri, madzi achuluka. Yalani mbewu pamthunzi kwa kanthawi.

Wazani mbewu yokhayo imene mugaye pa nthawi yake. Mbewu yowazidwa yachoka pa mlingo wosungira, ndipo ikakhala masiku angapo m'thumba pamalo otentha iyamba kununkha chuku. Magetsi akazima kapena makina akawonongeka mutawaza kale, iyanikeni, musaisiye yomanga. Ndipo musasakanize mbewu yonyowa ndi youma poganiza kuti zikumana pakati. Zimatenga masiku kuti zifanane, ndipo chuku chimayamba pa njere zonyowazo zisanafanane.

Lembani zimene mwachita: chinyezi choyamba, malita, nthawi, ndi mmene gaga anatulukira. Mtundu uliwonse wa mbewu uli ndi khalidwe lake. Chimanga cholimba cha njere zozungulira chimamwa madzi mochedwa kusiyana ndi chofewa chokhala ndi kadzenje pamutu. Mukalemba kangapo mudzakhala ndi mlingo wanuwanu woyenera makina anu.

6. Mvetserani chigayo

Chikayamba kulira, makina amakuuzani ngati mwalakwitsa. Injini yolemedwa, lamba woterera, ufa wotentha woti mukaufumbata umaumbika osamwazika, sefa yomata: chinyezi chachuluka. Imitsani, yeretsani sefa, yanikani mbewu. Kuika sefa ya mabowo aakulu kumangobisa vuto, chifukwa ufa wonyowawo ukupitabe m'thumba. Fumbi lochuluka lodzaza nyumba, timadontho takuda mu ufa, mphale yosweka, mpunga wa misere yambiri: mbewu yauma mopitirira kapena inang'aluka poumitsa. Fumbi la ufa likachuluka mumpweya limatha kuyaka mwamphamvu likakumana ndi moto, choncho m'chigayo musakhale wosuta fodya kapena waya wothetheka.

7. Ufa ukatuluka, musaumangire wotentha

Ufa wotentha umatulutsa nthunzi. Mukauthira m'thumba lapulasitiki n'kumanga, nthunziyo imasanduka madzi m'mbali mwa thumba, ufa umapanga mibulu, chuku n'kuyamba pomwepo. Uyaleni pa nsalu kapena pa lona yoyera mpaka uzizire, ndipo ngati mbewu inawazidwa madzi, uume kaye. Malamulo a zakudya a padziko lonse otchedwa Codex Alimentarius amaika malire a 15.5 peresenti pa ufa wa tirigu ndi 15 pa ufa wa chimanga, koma amenewo ndi malire apamwamba penipeni. Kumalo otentha, ufa woti ukhale milungu ingapo uzikhala pa 13 kapena kutsikirapo.

Ufa wogaya njere yonse uli ndi mafuta a mtima, ndipo mafutawo amayamba kuwawa ndi kununkha msanga, makamaka pakakhala chinyezi ndi kutentha. Gayani wokwanira kanthawi kochepa. Njere yathunthu imasungika nthawi yaitali kuposa ufa wake. Gaga wochoka pa mbewu yowazidwa ndi amene amanyowa kuposa zonse, chifukwa madzi ambiri anali pa khungu. Muyanikeni tsiku lomwelo musanamuike m'matumba, ndipo wochita chuku musapatse ziweto, chifukwa aflatoxin amadwalitsa nkhuku ndi nkhumba, ndipo ng'ombe ikamudya amadutsira mpaka mu mkaka.